PAKHONDE PA NSUNGWI: Kalata yoitanira ntchito, koma ntchito yake yanji?



Lamulungu lapitali madzulo, magetsi atathima monga mwa nthawi zonse, anandipeza pakhonde mwana wa mlongo wanga. Mnyamatayu anatsiriza digiri ya kemisitiri ku Zomba, koma lero akugulitsa kaunjika pamsika wathu pano. Makalata ofunsira ntchito walemba mpaka dzanja kuwawa. Ofesi imodzi yokha ndiyo inamuitana, ndipo atafika anamva kwa mlonda wa pageti kuti malowo anapatsidwa kale kwa mwana wa achimwene awo a bwana.

"Amalume," anatero iye, "ine pano aliyense atandilembera kalata yoti bwera mawa, ndinyamuka osafunsa kuti ntchito yake ndi yanji."

Mawu amenewa anandikumbutsa nkhani ya mphunzitsi wina wa kemisitiri wa ku America, Glenn Seaborg, yemwe pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ankalemba makalata a mtundu womwewo, ndipo anyamata ankanyamukadi osafunsa.

Seaborg ankaphunzitsa pa yunivesite ya California ku Berkeley. Kumeneko mu February 1941 iye ndi anzake anatulukira chinthu chatsopano chotchedwa plutonium, chomwe chimapangidwa kuchokera ku uranium, mwala uja tinayamba kukumba ku Kayelekera mu 2009. Japan itaphulitsa Pearl Harbor mu December 1941, boma la America linafuna bomba la atomiki mwachangu poopa kuti Hitler awatsogolera. Ndiye pa 19 April 1942, tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 30, Seaborg anatsika sitima ku Chicago ndi mnzake Isadore Perlman kukayamba ntchito pamalo omwe anawapatsa dzina lonamizira loti Metallurgical Laboratory, ngati kuti ankangofufuza za zitsulo basi.

Munthu ungaganize kuti katswiri wotere ankangokhalira kusakaniza mankhwala mu labotale. Ayi ndithu. Mbiri ya masiku amenewo, tsiku ndi tsiku, inasindikizidwa mu 1994 m'buku lotchedwa The Plutonium Story, ndipo zambiri mmenemo ndi za paofesi: walembera ndani, wamuyankha ndani, akufuna kulemba ntchito ndani, uyu apite gulu liti, misonkhano, malipoti. Panalinso chintchito chopempha akuluakulu olemba asilikali kuti asamutengere anyamata ake kunkhondo. Gulu lake linakula mpaka asayansi pafupifupi 100, ambiri a iwo a msinkhu wa mphwangayu.

Tsono vuto linali ili: m'kalatamo sankaloledwa kunena kuti ntchitoyo ndi yanji. Ankangowauza kuti ndi ya nkhondo, ndipo ndi yofunika kuposa kutulukira magetsi. Ngakhale pakati pawo dzina loti plutonium silinkatchulidwa. Ankati "49", kapena kungoti kopa. Amene munalipo nthawi ija makalata ankayamba awerengedwa ndi maso ena asanafike kwa mwini wake, mukudziwa kalembedwe kozungulira kameneka.

Nanga ankasankha bwanji anthu? Apa mabwana athu mumve bwino.

Plutonium yomwe inalipo inali yochepa moti maso sakanaiona. Seaborg sanafune munthu wa dzina lalikulu ayi, anafuna munthu wa manja odziwa kugwira tinthu tating'onoting'ono. Anapeza Burris Cunningham, yemwe maphunziro ake anali a kemisitiri ya zamoyo, osati ya mabomba, koma luso limenelo anali nalo. Pa 10 September 1942 Cunningham ndi Louis Werner anaika plutonium pasikelo koyamba m'mbiri ya dziko. Kulemera kwake? Gawani galamu imodzi m'magawo miliyoni, mutengepo magawo osakwana atatu. Kambewu ka fodya n'kakakulu.

Ndipo musaganize kuti za chibale kunalibe. Seaborg anaitana Stanley Thompson, mnzake wa kusekondale, yemwe ankagwira ntchito kukampani ya mafuta ya Standard Oil. Pano tikanati eee, bwana waika mnzake! Koma Thompson yemweyo ndiye anapeza njira yolekanitsira plutonium ndi zinyalala zina pogwiritsa ntchito mankhwala a bismuth phosphate, njira yomwe anamangira chifakitale cha ku Hanford. Choncho ine sindidana ndi bwana wolemba mnzake. Ndimadana ndi bwana wolemba mnzake yemwe sadziwa ntchito, n'kusiya makalata a ana a anthu osauka akudyedwa ndi chiswe mu kabati.

Komanso ku America komweko si onse ankayesedwa ndi luso. Pamalo omwewo ku Chicago panali mnyamata wakuda, J. Ernest Wilkins, yemwe anatenga digiri ya udokotala wa masamu ali ndi zaka 19 zokha. Mu 1944 gulu lake litati lisamukire ku Oak Ridge, m'chigawo cha Tennessee komwe kunali malamulo a tsankho, iye anatsala chifukwa cha khungu, ndipo wasayansi Edward Teller anachita kumulembera kalata yomupemphera malo kwina. Ife zoterezi tisaseke. Mu 1989 boma la Kamuzu linalamula aphunzitsi ochokera kumpoto kuti abwerere kukaphunzitsa kwawo. Ana a kuno kuchigawo chapakati ndi kummwera ndi omwe anatsala m'kalasi akuyang'ana bolodi lopanda kanthu. Cholembera chimodzi, siginecha imodzi.

"Ndiyetu amalume bwana wabwino ndi ameneyo," anatero mphwanga. "Ine ndikanapita."

Ndinati dikira, nkhani sinathe.

Pofika June 1945 Germany inali itagonja kale, ndipo bomba linatsala pang'ono kupsa. Asayansi asanu ndi awiri a ku Chicago, motsogozedwa ndi James Franck, analemba chikalata chopita kwa nduna ya zankhondo. Seaborg anali mmodzi mwa iwo. Anapempha kuti bombalo lisaponyedwe pa anthu mwadzidzidzi, koma liyambe laonetsedwa m'chipululu kapena pachilumba chopanda anthu, maiko ena akuona. Anachenjezanso kuti likangoponyedwa, maiko ayamba mpikisano wosula mabomba otere. Munthu uja amene makalata ake ankanyamutsa anyamata tsiku lomwelo, nayenso analawa zomwe mphwangayu akulawa: akuluakulu anawerenga, n'kuika pambali.

Pa 6 August 1945 bomba la uranium linagwa pa Hiroshima. Pa 9 August la plutonium ya ku Hanford linagwa pa Nagasaki, ndipo pomatha chaka chimenecho anthu pakati pa 60,000 ndi 80,000 a mumzindawo anali atafa. Ambiri sanali asilikali.

Sindikuti nkhaniyi ndi yapafupi kuiweruza. Agogo athu a King's African Rifles anali atamenyana ndi Japan yemweyo m'nkhalango za ku Burma mu 1944, ndipo nkhondo ikanapitirira, ena mwa iwo sakanaonanso Zomba. Uranium wambiri wa ntchitoyi anachokeranso kwa anansi athu, ku mgodi wa Shinkolobwe ku Congo, wokumbidwa ndi manja a anthu akuda omwe sanauzidwe kanthu. Koma taonani pomwe zinayambira: pa tebulo la mphunzitsi, ndi kalata yoti bwera, tili ndi ntchito yabwino.

Seaborg analandira mphoto ya Nobel mu 1951, anatsogolera bungwe la boma loona za atomiki kuyambira 1961 mpaka 1971, ndipo anamwalira mu 1999. Chomwe ndimamupatsira ulemu n'choti anasiya zolemba. Lero tingathe kutsegula buku n'kuona kuti anasankha ndani, liti, ndipo anakana chiyani. Ena angamuyamikire, ena angamudzudzule, koma umboni ulipo. Kuno ukafunsa kuti uyu anamulemba ntchito ndani, umangomva zoti "zinachokera kumwamba". Kumwamba kwake kuti, poti Mulungu sasayina makalata?

Tsono mabwana a m'maofesi, kuyankha kalata ya mwana wa mnzanu sikudula. Ngakhale mzere umodzi woti pepani malo adzaza, mwanayo adziwa poima. Ndipo mukasankha munthu, lembani chifukwa chake n'kusayina dzina lanu, kuti tsiku lina tidzakufunseni.

Kwa inu achinyamata, ndikudziwa njala ilibe ulemu. Koma masiku ano makalata okoma achuluka pa WhatsApp: ati ntchito ili kunja, tikiti ndi yaulere, zambiri mukamvera komweko. Atsikana athu angapo anapita ku Oman mwa njira yotereyi n'kukalira, mpaka mu 2022 nkhani yawo inadzaza manyuzipepala. Ngati pulofesa wa Nobel anaitana anyamata ku ntchito yosatchulika n'kukathera pa Nagasaki, nanga uyu wongodziwika ndi nambala ya foni? Safunsa anadya phula, abale.

Mphwanga anangoti duu kwa kanthawi, kenako n'kuti, "Ndamva amalume. Koma ya minibasi yobwererera kwa Mgona muli nayo?"

Ndinam'patsa. Tionane sabata yamawa, Chauta akalola.