Mzere wa pa Limbe ndi mzere wa dziko lathu



Amene mumadutsa m'tauni ya Limbe m'masiku khumi otsiriza a Ramadhan mukuzidziwa zimene ndikufuna kunena. Dzuwa lisanafike paliwombo, kutsogolo kwa masitolo ena kumakhala kutadzaza amayi, ena atabereka ana, ena atagwira dzanja agogo osaona, onse atakhala pansi m'mbali mwa msewu kudikira envulopu ya zakaat kapena kathumba ka ufa. Amachokera ku Bangwe, ku Ndirande, ku Machinjiri, ena mpaka ku Chiradzulu. Chaka chatha ndinaonapo mayi a mwana wina amene ndimamuphunzitsa pa madrassa. Atandiona anayang'ana kumbali, inenso ndinachita ngati ndikufuna kanthu m'thumba kuti ndisawachititse manyazi. Pobwerera kunyumba ndinakumbukira kuti mayi omwewo ndinawaonanso pa mzere womwewo mwana wawo akuyamba kumene kuwerenga alif, baa, taa. Lero mwanayo ali mu Fomu 2.

Dziko lathu nalo lakhala pa mzere wotero kuyambira 1964. Amene agwira envulopu ndiwo amasinthasintha: Britain, America, Germany, Norway, European Union, Banki Yaikulu Padziko Lonse, IMF, China, ndi mabungwe a ku Kuwait ndi Saudi Arabia. Komabe kafukufuku wa National Statistical Office wa 2019/2020 anapeza kuti theka la Amalawi ndi osauka. Zaka zoposa 60 za thandizo, theka la anthu likadali pansi.

Pali achinyamata ena amene akamva zimenezi amathamangira kunena kuti thandizo lakunja ndi chinyengo basi, ndi njira ya azungu yotilamulira. Ine sindigwirizana nawo, ndipo ndikuona kuti ndi kusayamika. Ndili mwana, mualimu wathu ankasiya kalasi kawiri kapena katatu pa mlungu kukaswalitsa janaza, ndipo ambiri mwa omwalirawo anali abambo ndi amayi a zaka zimene ndili nazo ine lero. Mu 2004 boma linayamba kugawa ma ARV aulere ndi ndalama za Global Fund, kenaka America nayo inaikapo zambiri kudzera mu PEPFAR. Ana ambiri amene akusala nafe chaka chino ali ndi makolo chifukwa cha mankhwala amenewo. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osapezekanso m'chigawo chino cha kum'mwera, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Pasanathe milungu iwiri mwezi wa Ramadhan unaoneka. Abale athu ena anafutulu tsiku loyamba ali m'makalasi a sukulu, ndipo nsima, matenti ndi madzi abwino zinachokera kwa anthu a kutali amene sanafunse kuti uyu amapemphera kuti. Zimenezi sitingaziiwale.

Palinso thandizo lina lachete limene lagwira ntchito. Mtukula Pakhomo anayamba ngati kuyesera chabe ku Mchinji mu 2006, ndipo pano anafika m'maboma onse 28, ndi ndalama za boma, Germany, Ireland, European Union ndi Banki Yaikulu Padziko Lonse. Amapereka kandalama kochepa kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito. Ambiri ankati ndalamazo zikathera ku mowa. Akatswiri atafufuza ku Salima ndi ku Mangochi anapeza kuti mabanjawo anayamba kudya bwino, kugula nkhuku ndi mbuzi, ndi kutumiza ana kusukulu. Chimene chimandisangalatsa pa ndondomekoyi n'chakuti wosauka amapatsidwa ndalama m'manja ndi kukhulupiriridwa kuti akudziwa chosowa pakhomo pake kuposa mlendo wobwera pa galimoto. Ndi mmenenso zakaat iliri: ikaperekedwa imakhala chuma cha wolandirayo, wopereka alibenso mawu.

Nanga vuto lili pati?

Pa 20 Januwale 2025 pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo loimitsa thandizo la America lakunja kwa masiku 90, ndipo chaka chomwecho bungwe la USAID linatsekedwa. Kuno kwathu anthu ambiri ogwira ntchito za umoyo pansi pa mabungwe anauzidwa kuti akhale kunyumba, ndipo odwala anayamba kufunsana ngati mankhwala adzapezeke mwezi wamawa. Palibe Mmalawi anafunsidwa maganizo. Sitinavote ku America, ndipo sitingakasume kulikonse, chifukwa wopereka ali ndi ufulu wotseka dzanja lake tsiku limene wafuna. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ife tinasiya moyo wa odwala athu pachala cha munthu wina kwa zaka 20, ngati kuti mphepo sidzaomba.

Ndipo tisanaloze chala kunja, tikumbuke 2013. Nkhani ya Cashgate itaphulika, zinadziwika kuti mabiliyoni a makwacha ankatuluka ku Capital Hill kupita kwa makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, ena mpaka kupezeka ndi ndalama m'mabuti a galimoto. Nthawi imeneyo pafupifupi 40 peresenti ya bajeti ya dziko inkachokera kwa otithandiza. Iwo anasiya kuika ndalama mu bajeti, ndipo amene analangika ndi mayi wa ku Mbayani amene anapeza kuchipatala kulibe mankhwala. Amene anaba anali Amalawi anzathu, anthu opita kumapemphero ngati ife tomwe.

Kuonjezera apo, si zonse zimene timazitcha thandizo zili mphatso. Zina ndi ngongole zokhala ndi chiwongoladzanja. Mu 2006 dziko lino linakhululukidwa gawo lalikulu la ngongole zake zakunja, tinasangalala, koma pasanathe zaka 20 tinali titamiranso. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo patangopita masiku ochepa IMF inavomereza ngongole yatsopano. Amene amagula shuga ndi mafuta ophikira mumsika wa Limbe sakufunika kuwafotokozera zimene zinatsatira. Wophunzira wanga wina anandifunsa ngati riba ya dziko imakhudza iye amene sanasaine pepala lililonse. Ndinamuuza kuti tchimo lake si lake, koma adzalipira nawo ndithu, pa sopo aliyense amene adzagule.

Tsopano ndibwere pakhomo pathu, chifukwa n'kosavuta kudzudzula boma ndi azungu uku ife Asilamu tikuchita zomwezo pang'onopang'ono. Ramadhan ina, bungwe lina lochokera kunja linabwera pa madrassa pathu ndi makatoni a futali. Anaimika ana pamzere, anatambasula nsalu yolembedwa dzina lawo, ndipo mwana mmodzi anamulandiritsa katoni katatu chifukwa chithunzi choyamba sichinaoneke bwino. Chakudyacho chinali chabwino, Allah awalipire, ndipo ana anadya mlungu wathunthu. Koma titawapempha kuti chaka chotsatira, m'malo mwa makatoni, atilipirire fizi ya ana atatu amene anasankhidwa kupita ku sekondale, mkulu wawo anayankha mosabisa kuti opereka kwawo amakonda kuona chithunzi cha mwana atanyamula chakudya. Fizi siijambulika. Mwa ana atatu aja, mmodzi akugulitsa majumbo pafupi ndi depoti.

Chikhalirecho chipembedzo chathu chili ndi chitsanzo china. Madzi atavuta ku Madina, Uthman ibn Affan (RA) sanagawe zikho za madzi pa chikondwerero. Anagula chitsime cha Rumah n'kuchipereka kwa anthu onse ngati waqf. Abdurrahman ibn Awf (RA) atafika ku Madina wopanda kanthu, m'bale wake wa Chiansari anafuna kumugawira theka la chuma chake, koma iye anangopempha kuti amulozere njira ya kumsika. M'nthawi yathu ino, Dr Abdul Rahman Al-Sumait wa ku Kuwait anabwera ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kudzamanga mzikiti, koma umphawi umene anaona unamusintha. Kuchokera kuno kunabadwa Africa Muslims Agency, imene pano imatchedwa Direct Aid, yokumba zitsime ndi kumanga masukulu m'maiko ambiri a mu Africa. Iye anamwalira mu 2013, koma mijigo ikutulutsabe madzi. Kuno ku Blantyre, Islamic Zakaat Fund yakhala ikulipirira ana fizi kwa zaka zambiri, ndipo ena mwa anawo lero ndi aphunzitsi ndi anamwino amene nawonso akutulutsa zakaat.

Sindikunena kuti tisiye kudyetsa osala. Munthu wanjala lero sangadye sitifiketi ya chaka chamawa, ndipo Ramadhan ya zaka zino ikugwa m'miyezi ya njala, chimanga chisanache kumunda. Zakaat nayonso ili ndi malamulo ake ndi magulu ake asanu ndi atatu, choncho mjigo kapena kalasi zimafuna sadaka kapena waqf. Za izi funsani masheikh athu, musatengere ine. Chimene ndikupempha ndi funso limodzi loti tizilifunsa kwa aliyense wobwera ndi thandizo, kaya ndi wa ku Washington, wa ku Kuwait kapena mwini sitolo wa pa Limbe: galimoto yanu ikapita, pano patsala chiyani, ndipo mabuku a ndalamazi angawaone ndani? Inu ophunzira a ku MUBAS ndi ku KUHeS amene mumadzaza mzere woyamba pa taraweh, mumatha kuwerenga bajeti kuposa ife. Funsani khansala ndi phungu wa kwanu kuti ndalama za CDF zagwira chiyani. Funsaninso komiti ya mzikiti wanu, mwaulemu koma osachita mantha.

Ine ndayambira pamene ndingathe. Lachisanu lapitali, titatha Jumu'a, ndinapempha akuluakulu a mzikiti wathu zinthu ziwiri: kuti ndalama zolowa ndi zotuluka m'mwezi uno zilembedwe pa bolodi pakhomo, ndiponso kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a sadaka lipatulidwe kuti tilipirire mnyamata kapena mtsikana mmodzi maphunziro a ntchito zamanja ku Soche Technical College, ndi kupatsa mpamba wa geni mayi mmodzi mwa amene amakhala pa mzere paja. Mkulu wina anati za bolodizo zikuoneka ngati ndikuwakayikira. Wina anati anthu adzadandaula futali ikachepa. Pomaliza anagwirizana kuti tikambirana Eid ikadutsa. Tsikulo ndalilemba m'kaundula wa madrassa, pafupi ndi dzina la mwana wa mayi aja.