MAU KWA ANZATHU A M'MIGODI: Makina Amene Sakalamba

Abale, sabata ino tikambe za makina owerengera, ang'ono aja olowa m'thumba la malaya.

M'caka ca 1981 kampani ya Hewlett-Packard ya ku America inaturutsa makina awiri ofanana ngati mapasa. HP-11C anali a akatswiri a sayansi. HP-12C anali a anthu a m'mabanki. A sayansiwo analeka kuwapanga m'caka ca 1989, koma a ndalama akugulitsidwabe mpaka lero, patapita zaka zoposa 40. Cifukwa cace nciani?

Coyamba, nchito ya sayansi imakula caka ndi caka. Katswiri woyesa mgodi amafuna makina ojambula ndi osunga zambiri, ndipo kompyuta itabwera anasamukira komweko. Koma funso la ngongole silisintha. Pa HP-12C pali mabatani asanu akuru: nthawi, ciwongoladzanja, ndalama zimene mwatenga lero, zimene mudzibweza mwezi ndi mwezi, ndi zimene zidzatsale pomariza. Mukawauza zinai, makinawo akuuzani cacisanu.

Caciwiri, wogwira ndalama za eni amaopa kulakwa, motero sataya cida cimene zala zace zinazolowera. Cacitatu, bungwe la CFA Institute, loyesa mayeso akatswiri a zacuma, limalola makina a mitundu iwiri yokha: HP-12C ndi BA II Plus a kampani ya Texas Instruments. Tsono wophunzira aliyense agula omwewo.

Nanga nkhaniyi itikhudza bwanji ife? Inu amene mabanja anu ali ku Norton, kumene makolo ocokera ku Nyasaland anagwira nchito m'mafamu ndipo ana ao ambiri akhala ku Lydiate, mwaona ndalama ikusintha kambiri. Boma la Zimbabwe linacotsa maziro 10 pa dola m'caka ca 2008, enanso 12 m'caka ca 2009, ndipo m'caka ca 2024 kunabwera ZiG. Dzina la ndalama lasintha, koma ciwongoladzanja cimaberekana monga kale.

Tiyese citsanzo. Munthu akongola madola 100 kwa wakatapila, amene kuno amati cimbadzo, pa madola 30 pa 100 aliyense mwezi uliwonse. Akalephera kubweza, mwezi woyamba ngongole ifika 130, waciwiri 169, wacitatu pafupifupi 220. Thukuta la pansi pa mgodi lathera pomwepo, ana kumudzi osaonako kanthu. Akuru anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Simusowa kugula makina odula. Pensulo ndi pepala zikwanira. Koma musanasaine cikalata ca ngongole kapena ca katundu wolipira pang'onopang'ono, funsani mafunso asanu aja, makamaka ili: zonse pamodzi ndidzabweza zingati? Wokongoza akazemba kuyankha, bvalani cipewa canu muzipita.

Tsalani bwino, tidzakumananso sabata yamawa.