Mlendo ndi mame, nanga wobadwira pakhomo?

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ankatilangiza kuti tisamuumire manja mlendo: mphereni nkhuku, muyalireni mphasa, dzuwa likakwera adzitsanzika. Ndi mwambi wokoma, koma anaupekera munthu amene ali ndi kwawo kobwerera. Sunaganizireko za mwana amene mchombo wake unagwera pakhomo panu pomwepo.

Ana otere alipo ambiri ku Zimbabwe, ndipo ndi magazi athu. Agogo awo anachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ena pansi, ena pa magalimoto a Ulere, kukagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi ya Southern Rhodesia, makamaka nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963. Kuno tinawatcha matchona. Kumeneko anawapatsa ena mayina: mabwidi, manyasarandi, mabhurandaya (kutanthauza a ku Blantyre). Anusa Daimon, katswiri wa mbiri yakale, anachita kutenga dzina lotsirizali n'kulipanga mutu wa kafukufuku wake wokhudza anthuwa, ndipo Zoë Groves analemba buku lofufuza matchona omwewa. Chimene chimandikhudza ine n'choti zidzukulu, zimene Blantyre sizinamuonepo n'kutulo komwe, zikunenedwabe kuti n'za ku Blantyre.

Robert Mugabe anafika powanyoza pamsonkhano kuti ndi anthu opanda "mutupo", ndiye kuti opanda mfunda. Taganizani, Phiri wopanda mfunda! Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, wobadwa kwa makolo akunja n'kuuzidwa kuti akane kaye unzika wa dziko limene sanapondeko. Ambiri anatsala ndi chitupa cholembedwa kuti mlendo, ena opanda chitupa n'komwe. Malamulo aakulu a 2013 anawabwezera unzika, Chichewa n'kuikidwa pa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma lipoti la Amnesty International la 2021 linapeza kuti ambiri akadali opanda mapepala. Kholo likasowa chitupa, mwana sapeza kalata yobadwira; popanda kalatayo mayeso a boma salemba, ntchito yolongosoka sailowa. Umphawi wake umayenda ngati chofunda cha banja, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana.

Nanga achinyamata oterewa amagwira mtengo wanji? Ena amasintha dzina kuti limveke Chishona. Ena amathamangira kudambwe, pakuti m'makomboni a m'migodi gule wamkulu, amene eni dziko amati zvigure, ndiye malo amene munthu safunsidwa chitupa. Alick Macheso, mwana wa m'mafamu wochokera ku mtundu wathu, anavinitsa Zimbabwe yense ndi sungura, nthawi zina akuimba m'Chichewa. Povina onse amati ndi wathu. Ku ofesi ya zitupa, mnyamata wa dzina ngati lakelo amabwezedwa.

Tikamva zimenezi timapukusa mitu, timati anzathuwa alibe umunthu. Koma mutu umodzimodziwo tiutembenuzire ku Dowa.

Dzaleka, ku Dowa komweko, inali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu. Mu 1994 inasanduka msasa wa othawa kwawo, wokonzedwera anthu pafupifupi 12,000. Lero muli oposa 50,000, ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi kwina. Khanda limene linabadwiramo chaka chotsegulira msasacho pano ndi bambo kapena mayi wa zaka zoposa 30. Chichewa chake n'cha ku Dowa, chothyakuka kuposa cha ana athu ena a m'masukulu olipira a ku Area 10. Nsima amadya ngati ife, timu ya mpira amasapota yathu yomweyi. Komabe lamulo lathu silimupatsa unzika chifukwa chobadwira kuno, silimulola kukhala kunja kwa msasa, ndipo ntchito sangangoilowa. Pamsika tonse timangoti Maburundi, kaya ndi wa ku Bukavu kaya wa ku Kigali, monga momwe ku Harare aliyense wa kuno alili wa ku Blantyre.

Mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali anasesa m'matauni, kuyambira ku Lilongwe. Anthu amene anali ndi maokala, ana awo ali pasukulu, anakwezedwa m'magalimoto, ena n'kudzera kundende ya Maula asanawatule ku Dzaleka. Ambiri a ife tinaomba m'manja, ati atilanda malonda. Dandaulo la wogulitsa tomato ndimalimva, mpikisano umawawa. Koma mawu amenewo ndi omwe ankanenedwa pothamangitsa antchito a m'mafamu ku Zimbabwe mu 2000, ndi omwenso abale athu amawamva ku Durban akamawotcheredwa zisakasa.

Kuyambira 2014, pamene Menes La Plume anayambitsa Tumaini Festival, anthu a m'tauni amakhamukira ku Dzaleka kukaonera achinyamata a mumsasa akuvina, akulakatula, akuimba. Timajambula, timaika pa Facebook, timadya chapati. Zoimbaimba zikatha timakwera magalimoto kubwerera ku Lilongwe, ulendo wosakwana maola awiri. Mtsikana amene timamuombera m'manja uja, kuti ayende msewu womwewo, ayenera kukapempha kaye chilolezo.