Asilikali Athu Tikuwapha Tokha

Abale ndi alongo a m'nthambi zonse, ife a ku Mtsiliza tili ndi mawu, ndipo mawuwo ndi owawa.

Mbozi yachilendo ija, ntchemberezandonda ya ku America, inalowa m'dziko muno kumapeto kwa 2016. Pofika December 2017 Boma linalengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 ali pa tsoka. Kuyambira pamenepo nyimbo ndi imodzi: mankhwala, mankhwala! Wogulitsa anenepa, ife titsala ndi botolo lopanda kanthu, mbozi ili phee m'kati mwa nsonga ya chimanga.

Koma tifunsane, kodi mbozi ilibe adani ake? Alipo: nyerere, mavu, mbalame. Amayi ena amawaza msuzi wa usipa pa chimanga, ndipo anyamata a sukulu amawaseka. Asekeranji? Msuziwo supha mbozi ayi, umaitana nyerere, ndipo nyerere zikakwera phesi zimagwira mboziyo. Amenewa ndi asilikali osafuna malipiro. Tsono mankhwala sasankha. Tikapopera mosasamala timapha mbozi pamodzi ndi mavu, ndi njuchi zomwe zimabereketsa maungu athu.

Chilimwe chikafika timayatsa tchire lonse chifukwa cha mbewa za pa mpani umodzi. Moto umanyeketsa mapesi amene akanadyetsa nthaka. Kadzidzi, amene amatigwirira mbewa usiku wonse, timamugenda, ati ndi mbalame ya afiti. Mvula ikagwa ndife tomwe tikulira kuti mbewa zafukula mbewu!

Nanga msangu unatilakwira chiyani? Taonani khalidwe lake. Nthawi ya dzinja, mitengo ina ikamaphuka, msangu umayoyola masamba. Sulimbirana dzuwa ndi chimanga, masamba akewo amasanduka manyowa, ndipo chimanga cha pansi pake chimabiriwira koposa cha pambali. Chilimwe umaphuka, mbuzi zidya zipatso zake, mbalame zipeza pogona. Yerekezani ndi bulugamu, amene amalanda madzi mpaka mzere wapafupi kufota. Koma tikafuna nkhuni zowotchera njerwa nkhwangwa yathu sisiyanitsa. Mitengo ya m'mbali mwa Lingadzi tinaitha chomwecho, gombe linatsala lamaliseche, ndipo mu February 2017 tinaona ndi maso athu madzi a mtsinjewo akulowa m'nyumba za anansi athu a ku Mtandire.

Makolo athu anakana malimidwe m'zaka za m'ma 1950, ndipo anachita bwino, pakuti atsamunda ankawakakamiza ndi chindapusa ndi ndende ngati kuti mwini munda alibe nzeru. Lero palibe mesenjala wa Bwana D.C. amene watiimirira kumbuyo. Woyatsa tchire ndi mwana wathu, wodula msangu ndi mlamu wathu.

Choncho tikupempha nthambi iliyonse ikhale pansi ndi anyakwawa ake mvula isanagwe. Misangu yotsala iwerengedwe, mudzi ndi mudzi. Timitengo tophuka tokha m'mizere tisagwe ndi khasu. Woyatsa moto m'munda wa mnzake akayankhe pa bwalo, ngakhale akhale wapampando wa nthambi.