CDF si mphatso ya a phungu

Zilembo zitatu izi, CDF, zili pakamwa pa aliyense kuno ku Mkaika, pamsika wa Katete ngakhalenso m'miphakati ya mpingo. Koma aliyense ali ndi tanthauzo lake. Kwa mayi wamasiye, CDF ndi thandizo lolipilira mwana sukulu yogonera komweko. Kwa anyamata, ndi nkhongole yoyambira bizinesi. Ena amangoti “ndalama za a MP”.

Apa ndiye pagona vuto. Constituency Development Fund ndi thumba la citukuko ca dera lonse. Linayamba mu 1995, ndipo mu 2022 boma linalikweza kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse. Ndalamazi zimacokera ku misonkho yathu, osati m'thumba mwa phungu.

Tikamaziyesa mphatso, wotenga nkhongole sabweza, ndipo kalasi ikasiyidwa yopanda denga palibe wofunsa, pakuti wopatsidwa sadandaula.

Abale, tiyeni tizipita ku misonkhano ya komiti ya citukuko ya m'wadi mwathu. Tikafunse kuti anavomereza nchito ziti, anapatsa ndani, ndipo ndi ndalama zingati. Mwini ndalama sacita manyazi kufunsa.