Khoma la pa WhatsApp

Mlamu wanga amene ali pa ntchito ku Johannesburg akumangitsa nyumba cha ku Mbulumbuzi, ndipo poti ine ndiye ndili pafupi, anandiponya m'gulu la pa WhatsApp lotsatira ntchitoyo. Muli iyeyo, muli kontrakitala, muli foromani, n'kubwera ine woyang'anira wosalipidwa. Lachisanu lililonse foromani amatumiza zithunzi, mlamu amayankha ndi kachala koloza kumwamba, ndalama n'kutsika. Chinandidabwitsa n'chakuti zithunzi zonse zinkajambulidwa kuchokera kumsewu. Nditapitako ndinapeza khoma lakumaso lafikadi pamazenera, lowongoka bwino, koma kuseri kukadali pamaziko, mbuzi zikubzikula m'chipinda chogona. Foromani sanagwetse nkhope n'komwe. "Bwana, kuseriko dzuwa limalowa m'kamera."

Masiku ano aliyense wovala tayi akapatsidwa maikolofoni amati makampani omanga asiye mapepala, ayambe kugwira ntchito pa kompyuta. Pulani ijambulidwe pa kompyuta, zipangizo ziwerengedwe ndi pulogalamu, tenda ipikisanidwe pa intaneti. Zikakanika, mlandu umagwera makontrakitala akuti ndi otsalira. Otsalira ati? Munthu wodziwa mbali yoimira pojambula kuti ndalama ichoke ku Joni ndi wotsalira ameneyo?

Tiyambe tawamvera chisoni pang'ono. Kontrakitala wamng'ono wa kuno ku Chiradzulu, wolembetsa m'magulu apansi ku bungwe loona za zomangamanga, ofesi yake ndi mpando wakutsogolo wa pikapu. Pulogalamu yojambulira mapulani ngati AutoCAD, eni ake a Autodesk anasiya kuigulitsa kamodzi n'kamodzi mu 2016. Tsopano umalipira chaka ndi chaka, m'madola. Mu Novembala 2023 dola inadumpha kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi, ndipo amene anakafunsapo dola ku banki akudziwa yankho lake. Ndiye musadabwe mukapeza laputopu ya kampani ili ndi pulogalamu yoikidwa ndi mnyamata wa ku Limbe, yomwe imafa tsiku lomwelo lopereka tenda. Za magetsi sindichulutsa. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo mafoni a maforomani ankagona ku babashopu pa mzere wotchaja.

Koma chimene chimandiwawa ine ndi maofesi opereka ntchito. Mnzanga wina wa kampani yaing'ono anauzidwa ndi ofesi ina kuti zonse atumize pa intaneti. Anagula bandulo, nagona pa laputopu, natumiza. M'mawa mwake foni: "Mubweretsenso zosindikiza, zodinda chidindo tsamba lililonse." Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Mnzangayo analipira bandulo, nalipira fotokope, nalipiranso kabaza, ndipo atamaliza ntchitoyo anadikira malipiro mpaka amene anamukongoza simenti anasiya kumupatsa moni. Kompyuta ya ofesi imeneyo imathamanga pofuna mapepala a msonkho, ikafika polipira imayamba kudwala "sisitimu". Munthu amene ndalama zake zamangika chonchi mukamuuze agule tabuleti?

Chisoni changa chithere pamenepo, chifukwa pali china chimene ovala tayi aja sanena. Pa malo omangira pali anthu ambiri amene amadyera posawerenga. Chiyambire 2018, pamene malamulo analetsa njerwa zootcha pa ntchito za boma ndi zomanga zikuluzikulu, simenti ndiyo yakhala ndalama yeniyeni pa chimango chilichonse. Thumba ndi la makilogalamu 50, ndipo aliyense pamalopo amadziwa kuti mabuloko ochokera m'thumba limodzi amatha kuchulukitsidwa ndi mchenga, matumba otsalawo n'kutuluka madzulo pa njinga. Lole ya miyala yochokera ku Njuli imalembedwa kuti yadzaza, ngakhale itabwera ili m'chiuno. M'kabuku kachikuto cholimba ka foromani muli aganyu amene nkhope zawo sizinaonekepo. Kabuku kameneka kamanyowa ndi mvula pa nthawi yake, tsamba limang'ambika pa nthawi yake. Ndiye bweretsani chida chimene chimalemba thumba lililonse likamatuluka m'sitolo, ndi ola lake, ndi dzina la wotulutsa. Sabata isanathe chigwera mu diramu la madzi.

Ndipo musamuloze foromani yekha. Kontrakitala amene anapambana tenda ndi mtengo wosatheka amafuna kabuku komweko kuti apezemo phindu. Woyendera ntchito amene amasainira chikalata ali pa mpando wake, osapondako, safuna foni yosonyeza kumene anali tsiku limenelo. Onsewa ku msonkhano wa ku hotela amaombera m'manja luso lamakono, alawansi n'kulowa m'thumba. Okhawo amene ndimawamvetsa ndi aganyu okana kulipidwa pa Mpamba kapena Airtel Money. Munthu wakandira matope tsiku lonse, apite kwa ejenti akadulidwenso yotapira, mwinanso akapeze ejentiyo alibe ndalama. Iyeyo akati "mundipatse pamanja" ali ndi mfundo.

Mwina mukuti ndakulitsa nkhani ya mbuzi. Pitani mukafunse kwa Likoswe. Namondwe Freddy atagwa mu Malichi 2023, phiri linatsikira mudzi wa Ntauchira, ndipo pamenepo palibe simenti imene ikanaimitsa matope ndi miyala ija. Koma m'madera ena ambiri munagwa makoma, timilatho ndi zimbudzi za pasukulu zimene madzi anangozikankha pang'ono, buloko ukaligwira likufumbutuka m'manja. Zonsezo zinali ndi mafayilo ake, ndipo wina anasainira kuti zamangidwa bwino. Boma lomwe lino la Chiradzulu lili ndi Mbombwe, kumene John Chilembwe ndi anthu ake anamanga tchalitchi cha njerwa chimene asilikali a atsamunda mu 1915 anachita kuchiphulitsa ndi mabomba kuti chigwe. Zaka zoposa 100 zapitazo amisiri a kuno ankamanga zotero, ndiye wina asandiuze kuti vuto ndi kusowa kwa maphunziro a kompyuta.

Ine sindikupempha zodula. Foni imene foromani ali nayo kale imatha kulemba tsiku ndi malo pa chithunzi. Khonsolo ikapereka ntchito ya thumba la chitukuko la CDF, kaya ndi chipinda chophunziriramo ku Namitambo kaya kamlatho ku Namadzi, inene kuti ndalama situluka popanda zithunzi za mbali zonse zinayi, ndi china cha woyendera ntchito ataima pakhomapo nkhope ikuoneka. Pa chikwangwani chija amalembapo dzina la kontrakitala awonjezerepo matumba a simenti amene analipiridwa, kuti komiti ya sukulu iziwerenga yokha mapepala a matumba otha. Ndipo pansi pake alembepo tsiku limene kontrakitala anapereka invoisi ndi tsiku limene analandira ndalama zake, anthu odutsa aziona okha miyezi ili pakatipo.