Dazi la Amalume Si Banki

Loweruka lapitali ndinali pamalo ometera ku Madzimoyo, m'mbali mwa Great East Road, kudikira makina. Kunalowa bambo wina wa zaka ngati 50. Atangovula kapu, anyamata pabenchi anayamba: "Abwana afika! Dazi ndi ndalama, tigawireniko!" Bamboyo anaseka nawo pang'ono, kenako anabweza kapu kumutu n'kutuluka osameta.

Ine sindinaseke, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Mu June 2017 apolisi a ku Mozambique anachenjeza amuna a dazi kuti aziyenda mosamala. Amuna asanu anali ataphedwa m'chigawo cha Zambezia, ena a iwo m'boma la Milange, pamalire ndi Mulanje wa ku Malawi. Apolisi anati ophawo ankakhulupirira kuti m'mutu mwa munthu wa dazi muli golide. Mawu omwe ife timaponya pabenchi, kwa aneba athu anafika pa chikwanje.

Mudzati, "Aa, ndi nthabwala chabe." Afunseni abale athu achialubino mmene zimamvekera munthu akakutcha ndalama pamsewu. Pa anthu oseka, ena amapita kunyumba atakhulupirira.

Nanga dazi n'chiyani? M'thupi la mwamuna muli testosterone. Gawo lina limasanduka DHT, ndipo mwa amuna amene anatengera ku makolo, DHT imafooketsa mizu ya tsitsi pamphumi ndi paliwombo. Chaka ndi chaka tsitsi limatuluka lopyapyala ndi lalifupi mpaka kuleka. La m'mbali ndi kunkhongo limatsala chifukwa mizu yake siimva DHT. Dokotala wa ku America, James Hamilton, anaonetsa kale mu 1942 kuti amuna ofulidwa asanathe msinkhu sachita dazi. Choncho nkhani ili m'magazi a mtundu, a kuchimuna kapena a kuchikazi. Kapu siibweretsa dazi, kusenza matumba a chimanga sikulibweretsa, ndipo azakhali anu akumudzi sanalodze munthu.

Bodza lachiwiri ndi limene likutidyera ndalama ife achinyamata. Mnyamata wa zaka 28 akaona mphumi ikukula, mtima umathamanga. Pa Facebook ndi pa WhatsApp akumudikira ogulitsa timabotolo topanda dzina la wopanga, akulonjeza tsitsi m'masabata awiri. Wina amapaka adyo ndi anyezi mpaka khungu kupsa. Mankhwala oyesedwa bwino ndi minoxidil wopaka ndi finasteride wakumwa. Amatenga miyezi kuti aoneke ntchito, sagwira kwa aliyense, ndipo ukasiya tsitsi limayambanso kuthothoka. Finasteride amachepetsa chilakolako cha kuchipinda kwa amuna ena, n'chifukwa chake amafunika dokotala. Wa botolo uja sadzakuuzani zimenezi, iye akufuna kwacha yanu.

Pali kuthothoka kwina kofunika kuthamangira. Tsitsi likachoka mwadzidzidzi m'zigamba zozungulira, khungu likuyabwa kapena kutuluka mafinya, limenelo si dazi la ukalamba. Chikhoza kukhala chipere kapena matenda ena ochizika. Pitani ku kiliniki kapena ku Chipata Central Hospital, musataye nthawi ndi adyo.

Koma ngati ndi dazi la atate anu ndi agogo anu, palibe chodwala. Metani mpala ngati mukufuna, valani chipewa dzuwa la October likamaswa mtengo, ndalama ya botolo mugule feteleza.

Ndipo inu a pabenchi, yang'anani bwino mitu ya amalume anu, chifukwa ena mwa inu mukuona mutu wanu wa mawa. Bambo uja akadzabweranso, musunthe, mumupatse malo, avule kapu yake mwamtendere.